The Evolution of Trust: kamasewera kamene kanandibwezera ku kaundula wa banki mkhonde yathu

Mwezi wa Epulo tili pa holide, mwana wa achimwene anga amene akuphunzira za makompyuta ananditumizira linki pa WhatsApp. Pansi pake analemba kuti, "Azakhali, inu mumaphunzitsa masamu komanso mumasunga ndalama za anthu. Tayesani aka, ndi mphindi 30 basi." Ndinakhala masiku anayi osatsegula. Tsiku lachisanu madzulo, magetsi alipo, ndinayatsa laputopu imene ndinabwereka kusukulu n'kutsegula. Mphindi 30 zija zinasanduka maola awiri, ndipo pomaliza ndinali nditatulutsa kope ndi pensulo.

Dzina lake ndi The Evolution of Trust. Anakonza ndi Nicky Case m'chaka cha 2017. Ndi kaulere, sulembetsa dzina, sudawuniloda kanthu, umangotsegula pa intaneti n'kuyamba. Maganizo ake ambiri anawatenga m'buku la Robert Axelrod la mu 1984 lotchedwa The Evolution of Cooperation, ndipo mwini wake sabisa zimenezi. Funso lake ndi limodzi: ngati kudyera mnzako masuku pamutu kumapindulitsa, nanga kuthandizana kumayamba bwanji, ndipo kumafala bwanji mpaka kukhala khalidwe la gulu lonse?

Kamayamba ndi nkhani ya Khirisimasi ya mu 1914, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene asilikali a Britain ndi a Germany m'malo ena anatuluka m'maenje awo, n'kupatsana fodya, kuimba nyimbo ndi kuika maliro a anzawo. Kenako amakuika patsogolo pa makina. Iwe uli mbali ino, mnzako ali mbali inayo. Ukaponya khobidi limodzi m'makinamo, mnzakoyo amalandira makobidi atatu. Iyenso akaponya, iwe umalandira atatu. Nonse mukaponya, aliyense wapindula awiri. Iwe ukaumira iye ataponya, iwe wapeza atatu, iye waluza limodzi. Nonse mukaumira, palibe wapeza kanthu. Musagwirizane pakamwa, aliyense amasankha payekha.

Aliyense wodziwa kuwerengera amaona msanga pamene pali msampha. Mnzako akaponya, kuumira kukupatsa atatu m'malo mwa awiri. Akaumira, kuumira kukupulumutsa khobidi lako. Ndiye kulikonse kumene angalowere, kuumira kukuoneka kwanzeru. Koma nayenso akuganiza chimodzimodzi, mapeto ake nonse mukubwerera chimanjamanja pamene mukanatha kupeza awiriawiri. Akatswiri amautcha msampha umenewu Prisoner's Dilemma. Anaupanga ndi Merrill Flood ndi Melvin Dresher ku bungwe la RAND ku America mu 1950, ndipo Albert Tucker ndiye anauveka nkhani ya akaidi awiri. Ndikuyamikira kuti Nicky Case anachotsamo akaidi n'kuikamo makobidi, chifukwa ana anga a Fomu 3 amamva msanga za ndalama kusiyana ndi zaka za kundende.

Zimakoma pamene ayamba kukukumanitsa ndi anthu asanu, mmodzimmodzi, aliyense ndi chipewa chakechake. Umasewera naye kangapo koma sakuuza kuti ulendo womaliza ndi uti. Ukamaliza m'pamene amakuululira kuti anali ndani. Copycat amayamba n'kuponya, kenako amangobwezera zimene wamuchitira ulendo wathawo. Ine ndimamutcha Wotsanzira. Always Cheat saponya n'kamodzi komwe, ameneyu ndi Tambwali. Always Cooperate amaponya nthawi zonse ngakhale umubere chotani, ndiye Mfulu. Detective, Woyesa, amayamba wakuyesa kanayi, ndipo akaona kuti subwezera amakudyera mpaka mapeto. Ndiye pali Grudger, wa chipewa chachikasu, amene amaponya mokhulupirika mpaka tsiku limene udzamulakwire kamodzi kokha, basi kuyambira pamenepo sadzaponyanso. Wamangawa.

Nditawerenga za Wamangawayu ndinakhala kaye chete. Mmene ndinaseweretsera makobidi anga usiku umenewo zinali zofanana ndi zake. Woyesa uja atandibera pa ulendo wachiwiri, sindinamupatsenso kanthu ngakhale iye anabwerera n'kuponya kawiri motsatizana. Ndibwereranso ku nkhani imeneyi.

Gawo limene linandigwira mtima kwambiri ndi lotsatira. Amaika anthu 25 pabwalo lozungulira: Afulu 15, Atambwali 5, Otsanzira 5. Aliyense amasewera ndi aliyense maulendo 10. Kenako asanu amene apeza zochepa amachotsedwa, ndipo asanu amene apeza zambiri amachulukitsidwa. Umadina, n'kumaonerera zipewa zikusintha. Apa m'pamene pali chisinthiko chenichenicho, ngati mmene mbewu yobereka bwino imalowera m'malo mwa yosabereka. Kwa anthu sizitanthauza kufa ayi, koma kuti timasiya khalidwe limene likutigwetsa n'kutengera la mnzathu amene zikumuyendera.

Poyamba zimakhumudwitsa. Atambwali amanenepa, Afulu amatha. Ndinawerengera ndekha kuti nditsimikize: onse akasewerana koyamba, Tambwali aliyense amapeza makobidi 465, Wotsanzira 375, Mfulu 330. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma Afulu akatha, Atambwali amasowa womudyera. Makolo anati atambwali sametana, amaopa kuchekana, ndipo m'masamu muno zili chomwecho ndendende: Tambwali ndi Tambwali mnzake amapeza 0. Tiyerekeze kuti atsala Atambwali 20 ndi Otsanzira 5. Tambwali aliyense abera Wotsanzira aliyense kamodzi kokha, makobidi atatu kuchulukitsa kasanu, 15. Wotsanzira aluza khobidi limodzi kwa Tambwali aliyense, ndiye 20 apita, koma kwa anzake anayi aja apeza 20 kwa aliyense, 80. Atsala ndi 60. Kuyambira pamenepo Otsanzira amafalikira mpaka bwalo lonse likhala lawo.

Apa ndinatenga kope lija, chifukwa panali funso limene kamasewerako sikanaliyankhe mwachindunji: pamafunika Otsanzira angati kuti zimenezi zitheke? Akakhala mmodzi pakati pa Atambwali 24, amaluza 24 pamene Tambwali aliyense wapeza atatu. Amatha. Akakhala awiri, aliyense amapeza 20 kwa mnzake n'kuluza 23, pamene Tambwali ali ndi 6. Amathanso. Koma akakhala atatu, aliyense amapeza 40 n'kuluza 22, atsala ndi 18, pamene Tambwali ali ndi 9. Atatu mwa 25. Ndinabwereza kuwerengera katatu poopa kuti ndalakwitsa. Munthu mmodzi wokhulupirika pakati pa akuba sapulumuka, koma kagulu kochepa ka anthu okhulupirirana okhaokha, amene salola kuberedwa kawiri, kangathe kusintha mudzi wonse. Axelrod ananenanso zomwezi, kuti kuthandizana sikulowa ndi munthu mmodzi koma ndi timagulu.

Chinanso chodabwitsa n'chakuti Wotsanzira sapambana munthu ndi mmodzi yemwe pa awiriwiri. Akakumana ndi Tambwali amatsalira, akakumana ndi wabwino amafanana naye. Chonsecho pophatikiza zonse ndiye amakhala patsogolo. Izi si zopeka za Nicky Case. Cha m'ma 1980, Axelrod, amene ankaphunzitsa za ndale pa University of Michigan, anapempha akatswiri kuti atumize mapulogalamu a kompyuta oti apikisane m'masewera amenewa. Analandira 14, ndipo aliyense anasewera ndi mnzake maulendo 200. Inapambana pulogalamu yaifupi kuposa onse, yotchedwa Tit for Tat, yosewera ngati Wotsanzira, yotumizidwa ndi Anatol Rapoport wa ku University of Toronto. Mapulogalamu asanu ndi atatu amene anakhala pamwamba onse anali osayamba dala kubera. Axelrod anafalitsa zotsatirazo n'kuitanitsa mpikisano wachiwiri. Anabwera mapulogalamu 62 ochokera m'mayiko 6, eni ake akudziwa bwino amene akufuna kumugwetsa, koma Tit for Tat inapambananso. Kwathu kuno timati mnzako akati konzu nawenso umati konzu. Pulogalamu ya Rapoport inali yomweyo basi.

Kenako kamasewerako kamakupatsa mpata wosintha zinthu. Ukachepetsa maulendo amene anthu awiri amakumana, Atambwali amalanda bwalo. Pa maulendo awiri okha, Otsanzira asanu aja amapeza 16 kwa anzawo n'kuluza 20, pamene Tambwali akadali ndi 15 yake. Aliyense amene anasungapo ndalama za banki mkhonde akuzidziwa izi ngakhale sanaonepo kompyuta. Ngongole ya mu Malichi imabwezedwa bwino, chifukwa wobwerekayo akudziwa kuti adzafunanso ina mu Juni. Ngongole yovuta ndi ya kumapeto, tikuyandikira kugawana, makamaka kwa munthu amene mumtima mwake watsimikiza kale kuti chaka chamawa sadzalowanso. N'chifukwa chake m'gulu mwathu timatseka ngongole kukadali miyezi iwiri. Ngakhale asilikali a m'maenje aja, chimene chinkawachititsa kulekererana m'malo ambiri n'chakuti magulu omwewo ankayang'anizana kwa nthawi yaitali, aliyense akudziwa kuti akawombera lero nthawi ya chakudya, mawa nayenso sadya mwamtendere.

Tsopano gawo la zolakwika. Amakuuza kuti usewere ndi Wotsanzira, zonse zikuyenda bwino, kenako kamunthu kako kamapunthwa popita kukaponya khobidi, khobidilo n'kugwa pansi. Iwe unafuna kuponya, koma mnzako waona ngati waumira. Akubwezera. Ngati nawenso ndiwe Wotsanzira, ubwezera kubwezera kwakeko, ndipo mudzingolandizana choncho mpaka kalekale, aliyense akukhulupirira kuti mnzake ndiye anayamba.

Chaka chatha m'gulu mwathu munachitika zimenezi, ndipo amene anayambitsa ndine. Mayi wina wogulitsa tomato anali kumudzi kodwazika amayi ake, ndiye ndalama yake ya masheya ndi yobweza ngongole anatumiza pa foni. Kwa ine sinafike. Loweruka pa msonkhano ndinatsegula kaundula n'kulemba chindapusa pa dzina lake, monga mwa malamulo athu. Atabwerako sabata yotsatira anaimirira, chitenje atachimanga m'chiuno, foni ili m'manja, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ine ndinatumiza Lachisanu madzulo. Mwandilembera chindapusa ngati wakuba?" Uthenga wotsimikizira anali atafufuta kuti apeze malo m'foni. Ine ndinayankha kuti kaundula sanama. Analipira, koma mwezi wotsatira mchemwali wanga atafuna ngongole, mayiyu anakana kumuikira umboni. Mchemwali wanga naye anakana kuikira umboni mnzake wa mayiyu. Pofika Ogasiti gulu la anthu 18 linali ndi mbali ziwiri, ndipo panali mphasa imene ena sankakhalapo. Patapita miyezi iwiri mwana wake ndiye anatulukira kuti polemba nambala yanga anasemphanitsa manambala awiri omaliza. Ndalama inapita kwa munthu wosamudziwa. Palibe anaba m'gulu mwathu, palibe ananama. Chindapusa tinamubwezera, koma mpaka lero moni wake kwa ine ndi waufupi, ndipo zimandipweteka.

Ndiye mumvetse mmene ndinamvera pamene kamasewerako kanabweretsa Copykitten, kamphaka kofatsa. Ameneyu amabwezera pokhapokha ukamubera kawiri motsatizana. Koyamba amati mwina wapunthwa chabe. Pamene zolakwika zilipo pang'ono, ndipo bwalo ladzadza Atambwali, ndi iyeyu amene amadzapambana, osati Wotsanzira. Koma pali malire, ndipo apa m'pamene ndinaona kuti wokonzayo ndi woona mtima. Ukamakweza kuchuluka kwa zolakwika, kamphaka kamapambana pokhapokha zolakwikazo zili zosafika 10 pa 100 aliwonse. Zikapitirira pamenepo bwalo limabwerera kwa Tambwali. Kukhululuka kumagwira ntchito pamene anthu amamvana kawirikawiri. Pamene uthenga umasokonekera nthawi ndi nthawi, wokhululuka amangosanduka chakudya. Ndinamvetsa kuti vuto lathu chaka chatha linali pawiri: ine ndinafulumira kulanga, komanso gulu lathu linalibe njira yotsimikizira ndalama yotumizidwa pa foni.

Mulinso wina wotchedwa Simpleton, amene amangobwereza zimene zamupindulitsa n'kusintha zikamuvuta. Amaoneka wopepera, koma pa bwalo lodzadza Afulu ndiye amapambana, chifukwa akangotulukira mwangozi kuti Mfulu sabwezera, amamudyera osaleka. Martin Nowak ndi Karl Sigmund anasonyeza mu 1993 kuti njira imeneyi ingathe kuposa Tit for Tat. Kamasewerako kamadutsapo mothamanga, ndipo ndikanakonda kakanakhazikikapo.

Zofooka zake zilipo, ndipo china n'chachikulu. Zing'onozing'ono ndiyambe nazo. Pa foni zilembo zimachepa kwambiri ndipo mabatani amavuta kudina, ndiye pamafunika laputopu. Chizungu chake n'chosavuta koma chili ndi nthabwala za ku America zimene ana anga sanazimve. Zinenero zina zilipo, zomasuliridwa ndi anthu ongodzipereka, koma Chichewa sindinachipezepo. Mawu oyamba ndi omaliza akulankhula ndi anthu a kumayiko a azungu amene akudandaula kuti masiku ano sakhulupirirana, ndipo pomaliza pamakhala kaulaliki kamene ine sindinakafune, poti masamu anali atalankhula kale.

Ndinadandaulanso kuti za nyama mulibe, pamene mutu wake ukunena za chisinthiko. Chonsecho maphunziro amenewa anakulira kumeneko. Robert Trivers analemba za kubwezerana zabwino pakati pa zamoyo mu 1971, John Maynard Smith ndi George Price analowetsa masamu a masewera m'maphunziro a zamoyo mu 1973, ndipo Axelrod yemweyo analemba limodzi ndi katswiri wa zamoyo W. D. Hamilton mu 1981. Ana anga anasangalala kwambiri nditawauza za mileme yoyamwa magazi imene Gerald Wilkinson anaifufuza ku Costa Rica. Mleme wotere ukagona ndi njala masiku atatu umafa. Umene wakhuta umabzikula magazi n'kudyetsa mnzake amene wabwerako chimanjamanja, ndipo kawirikawiri umadyetsa umene umagona nawo malo amodzi, womwe unaudyetsapo kale. Mtsikana wina kumbuyo anangoti, "Madamu, ndiye kuti nayonso imadziwa kuti kupatsa n'kuika."

Chofooka chachikulu ndinachiona nditapita nako m'kalasi. Laputopu ndi imodzi, ana ndi 60, ndiye tinasewera ndi nyemba. Aliyense anabisa dzanja kumbuyo, kenako onse awiri n'kutambasula pamodzi: muli nyemba kapena mulibe. Ndinawauza kuti azisinthana anzawo pakatha maulendo asanu. Pasanathe mphindi khumi, mnyamata wina wochenjera amene ankaumira nthawi zonse anayamba kusowa wosewera naye. Sindinalamule zimenezo. Ana ankanong'onezana kuti, "Uyo usapite, saika." Amene anali asanakumanepo naye n'komwe ankabwera atafumbata dzanja lopanda kanthu, ena n'kumukana kumene. Ndipo atsikana anayi okhala benchi imodzi anakana kusinthana, n'kumangosewera okhaokha, nyemba zawo zikuchuluka.

Zinthu zitatu zimenezi, mbiri ya munthu, ufulu wokana kusewera naye, ndi kukhala moyandikana, m'kamasewera ka Nicky Case mulibe. Mmenemo aliyense amakakamizidwa kukumana ndi aliyense, ndipo palibe amauza mnzake zimene waona. Koma moyo wathu suyenda choncho. M'banki mkhonde munthu asanalowe timafunsa kaye kuti kumene anali anachokako bwanji. Akatswiri nawonso anazifufuza izi. Nowak ndi Robert May anasonyeza mu 1992 kuti osewera akamakumana ndi oyandikana nawo okha, othandizana amaunjikana m'timagulu n'kupulumuka ngakhale popanda kukumbukira zakale. Nowak ndi Sigmund mu 1998 anasonyeza mmene mbiri yabwino imachititsira kuti munthu athandizidwe ndi anthu amene iye sanawathandizepo. Ndipo za gulu lalikulu logawana chinthu chimodzi, monga nkhalango kapena nsomba za m'nyanja, zimene Elinor Ostrom analandirira mphotho ya Nobel mu 2009, kamasewerako sikakhudzako n'komwe. Amene akufuna kumvetsa chifukwa chimene asodzi a pachilumba cha Mbenji ku Salima amamverera lamulo la mfumu lotseka usodzi nyengo ya mvula, sapeza yankho lonse muno.

Ngakhale zili choncho, ndikulimbikitsa aphunzitsi a masamu ndi a Biology, atsogoleri a magulu osunga ndalama, ndi aliyense amene amaweruza timilandu ta anthu kuti akayese. Kumapeto kwake kuli bwalo loti usinthe wekha chilichonse: chiwerengero cha mtundu uliwonse, malipiro a makina, maulendo, zolakwika. Pamenepo ndi pamene ndinathera ola lachiwiri lija. Muyambe mwasewera nokha musanawerenge za anthu asanu aja kwa wina aliyense, ngakhale kuti ine ndakuululirani kale.

Loweruka lapitali ndinapita ndi ganizo ku gulu lathu: kuti munthu akaphonya kulipira koyamba, tisalembe chindapusa tsiku lomwelo, tidikire sabata imodzi timve kaye, komanso kuti wotumiza pa foni azindiimbira ndisanatseke kaundula. Za kuimba foni onse anavomera. Za kudikira, amayi apampando, amene akhala m'magulu otere zaka zambiri kuposa tonsefe, anapukusa mutu. "Aphunzitsi, mwaganiza bwino. Koma anthu akadziwa kuti koyamba n'kwaulere, aliyense adzaphonya kamodzi, kulipira kamodzi, kuphonyanso. Mudzawagwira bwanji?"

Sanaonepo kamasewerako, koma anatchula chimene chinagwetsa kamphaka kaja pa mpikisano weniweni. Axelrod anawerengera kuti njira yokhululuka kamodzi ikanapambana mpikisano woyamba ikanalowetsedwa. Pa wachiwiri Maynard Smith anaitumiza, ndipo inathera pa nambala 24, chifukwa panali mapulogalamu odziwa kubera modumphitsa. Ndinawauza amayiwo zimenezi, iwo n'kuseka, n'kuti ndiye tichite kuti kudikirako kukhale kamodzi pa chaka kwa munthu aliyense, ndipo kulembedwe m'kaundula ndi inki yofiira kuti aliyense aziona. Mayi wa tomato uja sanalankhule kanthu pa zokambirana zonsezo. Pokweza manja, lake linakwera lachitatu.